Za zojambula za pa malaya zija, nayi nkhani yake

Ndinafunsa kuno ngati munthu wokhala ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, angapezeko kangachepe pogulitsa zojambula za pakompyuta ku makampani omwe amazisindikiza pa malaya ndi makapu wogula akaitanitsa. Ndayesa, ndipo zikutheka, koma si ndalama yoti n'kusiyira ntchito.

Ndinatsegula akaunti ku makampani awiri otere a pa intaneti, Redbubble ndi TeePublic, omwe mwini wake ndi mmodzi chiyambire 2018. Kulembetsa n'kwaulere. Iwo amasindikiza, amatumiza katundu, inu mumangolandira kagawo kanu. Chithunzi chikhale cha PNG (mtundu wa fayilo ya zithunzi) chopanda mtundu kumbuyo, apo ayi pa malaya akuda chimatuluka ndi bokosi loyera lonyansa.

Polandira ndalama m'pamene pali phiri. Samalipira pa M-Pesa kapena e-Mola ayi. TeePublic imadzera pa PayPal kapena Payoneer, njira zolandirira ndalama pa intaneti, choncho yambani mwakonza zimenezo musanajambule n'komwe.

Zomwe zayendako ndi za kwathu konkuno: mlatho wa Samora Machel dzuwa likulowa pa Zambezi, mlambe, ndi damu la Cahora Bassa. Maluwa ndi amphaka musavutike nazo, ojambula ngochuluka kale. Mawu omwe ogula amafufuzira zojambula ndimalemba m'Chingelezi ndi m'Chipwitikizi, poti ogula ali kunja.

Ena munati ndijambule zilombo za Gule Wamkulu poti UNESCO inauzindikira mu 2005. Zimenezo ndakana. Ndinakambirana ndi amalume, ndipo anangoti za kudambwe sizoika pa kapu ya tiyi. Pano ndikujambula misika ya mbatatesi ya ku Angónia.