Ndipemphere ndi ndani kuno ku Joni?

Amayi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndine wa Mvano wochokera ku Mulanje, ndinabwera ku Johannesburg mu 2022. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, ndipo ndimapuma Lachinayi lokha. Lamulungu abwana amalandira alendo, ine ndili pa sinki.

Chodabwitsa n'chakuti kuno n'kumene ndayamba kulankhula ndi Mulungu ngati Atate anga enieni. Kumudzi ndinkangotsata gulu, bulauzi yoyera, nyimbo, basi. Pano 4 koloko m'mawa ndimagwada m'kachipinda kanga kuseri kwa galaja, Baibulo pabedi, n'kuwauza zonse, za fizi ya ana ndi za mapepala zomwe.

Koma ndekhandekha mtima umazirala. Ndinayesa mpingo wina ku Hillbrow, matakisi awiri kudzera pa Bree, koma ulaliki wonse unali wa kufesa mbewu. Ndinabwerako chikwama chili pululu.

Kodi alipo amayi akwathu cha ku Randburg kapena Cosmo City amene amakumana mkati mwa sabata n'kumagawana Mawu m'Chichewa? Ngakhale mutakhala atatu, ndibwera ndi mandasi.

China, mnzanga wa ku Zimbabwe amandifunsa chimene chimandilimbitsa mtima. Ndiyambire pati kuti asaone ngati ndikumulalikira?