Funso: Zojambula zakale kuphanga zikufufutika, titani?

Nabanda: Akuluakulu, thandizeni. Paphiri la kumudzi kwathu ku Dedza pali phanga lokhala ndi zojambula zofiira ndi zoyera. Ana oweta mbuzi alembapo ndi makala, ndipo oswa miyala akuyandikira. Tiyambire pati? Kapena titsuke ndi sopo?

Achisale: Madzi ayi, mayi! Zoyerazo ndi dothi lomwe anapaka ndi zala, likanyowa limasungunuka. Zofiira n'zolimbirapo, koma madzi amakoka mchere wa m'thanthwe n'kusiya chikungu choyera pamwamba. Makalawo asiyeni momwemo, musakhule ndi burashi kapena kubwereza mizere ndi choko. Nyumba za mavu ndi njira za chiswe nazonso musazipale, zimachoka ndi utoto.

Nabanda: Ndiye tingozisiya?

Achisale: Jambulani kaye. Chithunzi chimodzi cha phanga lonse muli patali, kenako chojambula chilichonse pachokha, rula ili pambali koma osaigunditsa pamwala. Lembani tsiku, manambala a GPS a pafoni osonyeza pamene phangalo lili, komanso kumene phangalo lapenya. Pansi musakumbe ngakhale mutaona mapale kapena mikanda. Chinthu chikachoka pamene chinagona, akatswiri sangadziwenso zaka zake.

Nkhoma wa ku Linthipe: Ine ndikuti yambani ndi amfumu, foni pambuyo. Ku Chongoni, ku Dedza komweko, komwe bungwe la UNESCO linakuika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, kuli malo 127 a zojambula. Zofiira amati n'za Akafula, koma zoyera zambiri n'za Achewa, zina za chinamwali, zina za Nyau. Ndiye eni ake alipo. Khalani pansi ndi anamkungwi paokha, akulu a kudambwe paokha. Afunseni dzina la phirilo, pamene ankathirira nsembe ya mvula, kasupe, manda akale. Zimene anena kuti n'zachinsinsi musaziike pa Facebook, mungatseke pakamwa mudzi wonse.

Mayi Nasibeko: Zoona a Nkhoma. Ndipo chotetezedwa si mwala wokha. Mitengo ya kukhomo kwa phanga ndiyo imatchinga mvula ya mphepo ndi dzuwa. Mdani wamkulu ndi moto wa osaka mbewa: utsi umadetsa, kutentha kumasendeza khungu la thanthwe n'kugwa ndi chojambula chomwe. Lambulani njira yotchinga moto ya mamita 4 kapena 5 kuzungulira, mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse. Zinyalala zolambulazo kataye kutali.

Jomba: Bwanji osangomanga waya?

Mayi Nasibeko: Waya amabedwa, komanso anthu amayamba kunena kuti malowo ndi a boma. Bola lamulo la mudzi lokhala ndi chindapusa, loti amfumu alengeze pabwalo. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola amfumu kupatula nkhalango ya mudzi n'kuisankhira komiti. Malire ake muyende nawo pansi pamodzi ndi alangizi a zankhalango, osangoloza ndi chala.

Achisale: Mukatero lembani kalata ku Dipatimenti ya Museums and Monuments, yoyang'anira zinthu zakale, ku Lilongwe. Ikhale kalata yodzera kwa agulupu, a T/A ndi kwa DC, zithunzi zili momwemo. Musunge kope lodindidwa. Oswa miyalawo amfumu awapezere thanthwe lina kutali, chifukwa mukangowathamangitsa azibwera usiku.