Ndikupita koyamba ku lesitilanti ya zakudya za ku Japan: ndikayambe ndi chiyani?

Nabanda:
Abale anga, ndikupempha uphungu kwa inu amene munadyako zakudya za ku Japan. Loweruka likubwerali mwana wanga wamkazi akunditenga kukadya ku lesitilanti yophika zakudya za dziko limeneli, ndipo popeza wakhala akuliyembekezera tsikuli ndi mtima wonse, sindikufuna kukamukhumudwitsa pokankhira mbale kumbali. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi nsomba yaiwisi, pakuti chibadwire sindinaikepo nsomba yosaphika m'kamwa mwanga. Komanso sindidya nyama ya nkhumba, ndipo timitengo todyera tija sindinatigwirepo. Kodi ndikayambe ndi chakudya chiti, ndipo ndipewe chiti?

Mbewe:
Mayi, choyamba khazikani mtima pansi, chifukwa anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Chakudya cha nsomba yaiwisi yodulidwa bwino, yopanda mpunga, chimatchedwa sashimi. Koma sushi ndi mpunga wothira viniga, shuga pang'ono ndi mchere, ndipo chimene amaika pamwamba kapena m'kati mwake chikhoza kukhala chophika. Pali ya dzira lokazinga lotsekemera pang'ono yotchedwa tamago, pali ya unagi, imene ndi nsomba yayitali ngati mkunga yowotchedwa pamoto, ndiponso pali kappa maki, imene m'kati mwake mumangokhala nkhaka, kunja n'kukulunga ndi ndere zouma za m'nyanja zotchedwa nori.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi tempura, zomwe ndi masamba kapena zamoyo za m'nyanja zoviikidwa mu ufa wosungunula ndi madzi ozizira kwambiri n'kukazingidwa m'mafuta. Kaphikidwe kameneka anthu a ku Japan anakaphunzira kwa Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Yakitori, nkhuku yowotcha pa kamtengo, nayonso siingakudabwitseni.

Za nkhumba muchenjere nazo kwenikweni, chifukwa imabisala m'malo osayembekezereka. Msuzi wotchedwa tonkotsu, umene amadyera ramen (chakudya chonga supageti cha mumsuzi), amaupanga powiritsa mafupa a nkhumba kwa maola ambiri, nyama yotchedwa chashu imene amaiika pamwamba pake ndi ya nkhumba, ndipo gyoza, timitanda ta ufa tokulungiramo ndiwo, nthawi zambiri amaikamo nkhumba yogaya. Mufunse woperekera zakudya musanaitanitse, ndipo mufunse za msuzi womwe, osati za nyama yokha yooneka ndi maso.

Nangozo:
Ndikugwirizana ndi a Mbewe, koma ndiwonjezerepo chimene ine ndinachiphonya tsiku langa loyamba. Ndinamva ngati chakudyacho n'chosakolera, choncho chilichonse ndinkachimiza mu msuzi wakuda wa soya uja, ndipo ndinabwerako nditangolawa mchere wokhawokha. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti ophika a ku Japan amafuna kuti chinthu chilichonse chimveke kukoma kwake kwachibadwa, ndiye msuziwo umangofunika kukhudza nsomba pang'ono chabe. Mukaviika mbali ya mpunga, mpungawo umayamwa msuzi wambiri n'kumwazikira m'kambale.

Chimene ndikupemphani kuti musachidumphe, achemwali, ndi kambale ka msuzi wa miso (phala la soya wofufumitsa). Maziko ake ndi dashi, msuzi wopepuka wopangidwa ndi ndere zotchedwa kombu pamodzi ndi katsuobushi, nsomba youmitsidwa ndi utsi mpaka kulimba ngati mtengo, kenako n'kupalidwa tizidutswa topyapyala. Kukoma kozama kumene kumatsalira pa lilime mukamwa msuzi umenewu n'kumene wasayansi Kikunae Ikeda wa ku Tokyo anakufufuza mu 1908, n'kupeza kuti kumachokera ku chinthu chachilengedwe cha mu kombu chotchedwa glutamate, ndipo anakutcha umami. Kwa ine, amene wamwa msuziwu mosathamanga wamvetsa kale theka la kaphikidwe ka anthu amenewa, kamene bungwe la UNESCO linakaika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu mu 2013 pa dzina lakuti washoku.

Kanthu kobiriwira kokhala pambali pa mbale ndi wasabi. Sikawawa pa lilime ngati tsabola, koma kamalasa m'mphuno n'kutha msanga, choncho muyambe ndi kochepetsetsa. Jinja wodulidwa mopyapyala uja ndi wodya pakati pa mitundu iwiri ya nsomba kuti m'kamwa muyere.

Nkhoma:
Mayi, nkhawa yanu pa nsomba yaiwisi si yopanda pake. Nsomba za m'nyanja ya mchere zikhoza kukhala ndi tinyongolotsi totchedwa anisakis, timene timapweteka m'mimba kwambiri, ndipo n'chifukwa chake malamulo a mayiko a European Union amafuna kuti nsomba zambiri zodyedwa zaziwisi ziyambe zaumitsidwa mufiriji pa madigiri 20 pansi pa ziro kwa maola osachepera 24. Viniga, mchere kapena wasabi sizipha tinyongolotsi timeneti. Amayi oyembekezera ndiponso anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka amalangizidwa kudya zophika zokha. Ngati inu muli bwino ndipo malowo ndi aukhondo, mukhoza kulawa kachidutswa kamodzi, koma nsomba ikamanunkha kapena kuoneka yonyentchera muisiye.

Nabanda:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndikayamba ndi msuzi wa miso ndi tempura, ndipo mtima ukandilola ndikalawako kachidutswa kamodzi ka sashimi ka m'mbale ya mwana wanga. Nanga za timitengo tija, kodi n'chamanyazi kupempha foloko?

Mbewe:
Si chamanyazi ayi, Mayi, ndipo sushi ya mpunga woumbidwa ndi nsomba pamwamba, yotchedwa nigiri, ngakhale ku Japan komweko ndi yololedwa kudya ndi manja. Mukafuna kuyesa timitengoto, mungopewa zinthu ziwiri zimene kwa iwo zimakumbutsa mwambo wa maliro: kutizika choimirira m'mbale ya mpunga, ndi kulandira chakudya kuchokera pa timitengo ta mnzanu ndi timitengo tanu. Choncho kachidutswa ka sashimi kaja mwana wanu akakuikireni pa kambale kanu, inu mukakatenge pamenepo.