Akundisamutsira ku Mchinji, ndithandizeni nzeru

Abale anga a ku Mchinji, kuntchito andiuza kuti mwezi wamawa ndikayambe kumeneko. Ine ndinangodutsako kamodzi pa minibasi popita ku Chipata, ndipo chomwe ndikukumbukira ndi matumba a mtedza ataunjikidwa pa Kamwendo basi.

Choyamba ndi malo okhala. Ntchito yanga ili kuchipata cha Mwami, m'malire a Malawi ndi Zambia, makilomita ngati 12 kuchokera pa boma. Kodi ndichite lendi pa boma nkumayendera, kapena kufupi ndi chipata nyumba za madzi ndi magetsi zimapezeka?

Chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi sukulu. Mtsikana wanga ali Fomu 2 pa sukulu yoyendera kuno ku Lilongwe. Ndamva mbiri ya Ludzi Girls ndi Magawa, koma kodi mwana wosamuka pakati pa chaka amamulandira? Makalata ake timayambira kwa ahedi kapena ku ofesi ya zamaphunziro? Wamng'ono ali Sitandade 4, ameneyo sindikudandaula naye.

Mayi a kunyumba amagulitsa zitenje, ndiye akuti azikapikula ku Chipata. Kwacha yathu mmene yafookeramu, phindu lilipo mukachotsa msonkho? Kapena angoyamba kugula soya nthawi yokolola?