Za mwana wanga ndi foni zija

Zikomo nonse amene munandiyankha za mwana wanga wa zaka 3 uja ankakana kudya nsima popanda makatuni pa foni. Ndinatsatira zimene anandiyankha mayi ena a ku Luchenza, kuti foni isamafike pa mkeka nthawi yakudya, komanso malangizo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, oti ana a zaka 2 mpaka 4 asamapitirire ola limodzi patsiku akuonera foni kapena TV. Masiku oyamba eee kulira kwake, maneba pano pa Chitakale ankabwera kudzafunsa ngati wadwala, koma pano akudya yekha ndipo madamu a ku mkombaphala akuti wayamba kuyimba ndi anzake. Vuto linali agogo ake, akangolira amamupatsa foni mobisa. Ndiye gwirizanani kaye nonse pakhomo. YouTube Kids, pulogalamu ya mavidiyo a ana pa foni, ilinso ndi potchera nthawi, imatseka yokha.