Injini yakale ya agogo yalembedwa Lister Dursley, ndani akuidziwa kampani imeneyi?

MwanaWaKuNgabu

Abale ndithandizeni nzeru. Agogo anatisiyira chi injini chobiriwira kuseri kwa nyumba, chamagudumu awiri akuluakulu mbali ndi mbali, amati chinkayendetsa chigayo kalekale ine ndisanabadwe. Madzi a namondwe wa Freddy anachimiza ndiye matope aumira mkati, pano nkhuku zikuikira mazira pansi pake kkkk. Dzulo ndapala kachitsulo kofiirira kali pambali ndapeza mawu oti R. A. Lister & Co, Dursley, England ndi manambala ena komanso 6/1. Anyamata ogula zitsulo zakale abwera kawiri akufuna kuchiyeza pa sikelo, amalume akuti tigulitse basi chikungotchinga njira. Kodi Lister ameneyu anali ndani, kampani yake ikadalipo? Chingadzukenso chimenechi kapena ndingotaya nthawi?

MakanikoWaBangula

Achimwene chonde a sikelowo abwezeni kaye. Imeneyo ndi CS, mtundu wa injini ya dizilo ya Lister, ine ndaphunzirira ntchito pa yomweyo, 6/1 ikutanthauza mahosipawa 6 silinda imodzi. Imayenda mofatsa, maulendo 650 pa mphindi basi, kulira kwake kuja kwa du... du... du kumene tinkamva usiku tili ana tikagona panja nthawi yotentha. N'chifukwa chake sizifa msanga, chinthu chosathamanga sichidyeka. Madzi ake ozizilitsa amangozungulira okha mu diramu popanda pampu, otentha amakwera paipi yapamwamba ozizira n'kutsika yapansi, ndiye kutentha kwa kuno kwa Okotobala sikuyiopsa bola diramu isaume.

Koma musayese kupukusa handulo panopa ayi. Matope a Shire ndi mchenga weniweni, mukangozunguza mwakanda silinda ndi mabering'i. Tsegulani kachitseko kapansi kaja, kokolani matope onse, tsukani ndi palafini, chotsani hedi, chivindikiro cha pamwamba pa silinda chija, muthire dizilo pamwamba pa pisitoni musiye sabata kapena awiri. Ikayamba kugwedezeka yokha mukakankha gudumu ndi dzanja ndiye kuti moyo ulimo.

AphunzitsiOpuma_Nsanje

Mwana wanga funso lako la mbiri ndiyankheko ine poti a makaniko athamangira ku sipanala. Dursley ndi katawuni kakang'ono m'dera la Gloucestershire ku England, ndipo kampaniyo anaiyambitsa Robert Ashton Lister mu 1867. Poyamba sinali ya ma injini n'komwe, kanali kamalo kopangira ndi kukonza zipangizo za alimi a kumeneko, kenako anatchuka ndi zida za mkaka, zopangira batala ndi makina olekanitsa mafuta a mkaka, komanso makina ometera nkhosa ubweya. Ndiye taona, makina amenewa amafuna chowazunguza, mlimi sangapukuse ndi manja tsiku lonse, mpomwe mu 1909 anayamba kupanga ma injini a petulo. Ya mtundu wa D inatuluka mu 1926 ndipo anapanga mpaka 1964. Za dizilo zinayamba mu 1929, chaka chomwe mkuluyo anamwalira, ndipo ma CS ngati yakoyo ndi a m'badwo umenewo, anapitiriza kuwapanga zaka zoposa 50 osasintha kwambiri kamangidwe.

Ine chimene chimandigwira mtima n'choti anthu amenewa ankapangira mlimi wakutali ndi tawuni, woti chikaonongeka alibe kothawira koma kumasula yekha pansi pa mtengo. Munthu wa ku Makhanga kapena ku Marka msewu ukaduka ndi madzi ali chimodzimodzi mlimi ameneyo. N'chifukwa chake zinafika ku Africa kuno, ku India, ku Australia, pa zigayo, pa mapampu a madzi, pa majenereta a ku mishoni, mpaka kwathu kuno munthu ankangoti "lisita" ngakhale injiniyo ili ya kampani ina.

Kampani ya Lister inagulidwa ndi kampani ina yotchedwa Hawker Siddeley mu 1965, ndiye mu 1986 anaiphatikiza ndi Petter amene anali opikisana nawo, dzina n'kukhala Lister Petter. Dzinalo likadalipo koma ma CS analeka kupanga kumeneko.

Nachisale88

Ine ndisanamepo, mbiri ndi yokoma koma mahosipawa 6 pa chigayo cha masiku ano?? Mahamala ake sangakoke bwino chimanga chouma, mzere wa azimayi udzafika ku msewu. Mwina agogowo ankagaya mapira ndi mchewere pa kachigayo kakang'ono. Komanso dizilo mukumudziwa mmene akuvutira, kukagona pa filing'i ndi chigubu. Ine ndikanakhala inu ndikanaikonza n'kuyika pa pampu ya kudimba, kumeneko ndiye ingagwire ntchito yooneka, nyemba ndi chimanga cha chilimwe.

MakanikoWaBangula

Achemwali pa chigayo mukunena zoona, n'chaching'ono. Koma mwaiwala 2022 namondwe wa Ana ataononga Kapichira, amene anali ndi zigayo za dizilo ndi amene ankadya bwino, ife a magetsi tikungoyang'anana.

Za masipeya musadandaule kwambiri. Amwenye a ku Rajkot, mzinda wa ku India, anatengera kapangidwe ka CS ndipo akupangabe zofanana nazo, ndiye maring'i, gasiketi, nozo, mavavu zambiri zimalowa, nthawi zina kungofuna kupala pang'ono. Chimene muyang'anitsitse ndi magudumu awiriwo ndi buloko, pakakhala mng'alu pa gudumu ndiye basi musailize, chingaphulike n'kupha munthu. Menyani pang'ono ndi sipanala mumve, labwino limalira ngati belu losweka limangoti phwa.

MwanaWaKuNgabu

Takhuta kwambiri akuluakulu. Ndamenya magudumu onse awiri akulira bwinobwino, ndawauza amalume za Rajkot angoseka akuti ndigule ndekha palafini. Aphunzitsi manambala aja ndajambula nditumiza madzulo netiweki ikabwera, mwina tidziwe chaka chake. A Bangula kodi Loweruka mungafike pa Ngabu? Thiransipoti ndilipira ine, hedi ndikuopa kumasula ndekha mabawuti ake achita dzimbiri koopsa.