Kuwedza pa nyanja youndana: ndiyambe ndi nsomba ziti?

Nabanda: Abale, ndili ku Minnesota, ku America, ndipo Loweruka lapitali ndinakayesa kuwedza pa ayezi koyamba. Ndinaboola dzenje, ndinakhala pa ndowa maola anayi ndikudikira nsomba yotchedwa walleye, zala zitachita dzanzi, osagwira kanthu. Wongoyamba ayambe ndi nsomba ziti?

Chimwemwe_MN: Achemwali, walleye muisiye kaye. Imeneyo imadya mbandakucha ndi dzuwa likamalowa, masana mungovutika. Yambani ndi yellow perch. Zimayenda m'gulu, ndiye mukakola imodzi dziwani kuti zinzake zili pomwepo. Kambedza kakang'ono, nyambo yake mphutsi, mutsitse mpaka kufika pansi kenako mukweze pang'ono n'kumagwedeza. Pakatha mphindi 20 osamva kukoka, boolani pena. Osakakamira dzenje limodzi.

Gondwe: Bluegill nayonso sivuta, imapezeka pafupi ndi udzu wa m'madzi osaya. Koma pike muisamale, ine inandidulira chingwe ndi mano nditaiona kale mutu pakamwa pa dzenje. Mpaka lero zimandiwawa.

Nabanda: Zikomo achimwene. Nanga ayezi wake akhale wokhuthala bwanji?

Gondwe: Woyenda pansi, masentimita osachepera 10 a ayezi woonekera mkati ngati galasi. Laisensi musaiwale.